Tsekwe wa Tawulo ku Japan

Basi ya antchito inatitenga ku Al Sadd, mumzinda wa Doha, cha m'ma 4 koloko madzulo, kunja kukutentha ngati pa ng'anjo. Tinali atatu: ine, Yusufu wa ku Machinga amene amanyamula zikwama za alendo pakhomo la hotela yathu, ndi bwana wathu, mayi wa ku Philippines wosachulutsa mawu. Hotela inatisankha kuti tikagone masiku awiri m'nyumba ya alendo yachikale ku Japan, tikaone mmene anzathu amalandirira anthu. Zonse inalipira hotela. Ine m'thumba mwanga munangotuluka riyal imodzi ya tiyi wa karak pa kona.

Tisanafike pabwalo la ndege foni inalira. Unali uthenga wa mwana wanga Tadala, yemwe ali Fomu 2 ku Mponela: "Adadi, aphunzitsi akuti aliyense abweretse chithunzi cha kholo lake lili pantchito. Mujambulitse muli mu ofesi yanu ija. Akuchifuna Lolemba."

Ofesi ndilibe ine. Zaka zisanu ndi ziwiri ku Doha ndakhala ndikuyala mabedi ndi kutsuka zimbudzi, koma kwathu ndinawauza kuti ndili mu ofesi, chifukwa ndinkachita manyazi kuti bambo wamkulu ndevu pepeya anakwera ndege kukayalira anzake pogona.

"Easy, achimwene," anatero Yusufu nditamuonetsa. "Tikabwerako mukhale pa desk ya ku reception, ine ndijambule, khalas, nkhani yatha. Tayi ndikubwerekani."

Ndinavomera, ngakhale mumtima simunakhazikike.

M'ndege tinakhalamo maola oposa khumi mpaka matako kuchita dzanzi. Ku Tokyo tinakwera sitima yothamanga moti mitengo siinkaoneka bwino, kenako ina yaing'ono yokwawa m'mapiri. Pasiteshoni tinagula mpunga wa m'kabokosi pa mayeni 1,000, wokonzedwa mokongola moti Yusufu anayamba waujambula kaye asanaudye. Timitengo tiwiri todyera timene anatipatsa tinamukanika, ndipo anayang'ana uku ndi uku n'kuyamba kudya ndi manja. Gogo wina wokhala moyang'anana nafe anangomwetulira n'kumupatsa kansalu konyowa.

Tinafika m'tauni ya akasupe a madzi otentha 3 koloko masana. Nthunzi inkatuluka m'ngalande za m'mbali mwa msewu, ndipo tauni yonse inkanunkha mazira owola. Yusufu anandiyang'ana mondikayikira.

"Si ine," ndinatero. "Ndi madziwo. Ngakhale ku Mawira ku Nkhotakota amanunkha chonchi."

Pakhomo la nyumba ya alendo tinalandiridwa ndi mwini wake, mayi wovala mkanjo wa kwawoko, amene ankalankhula Chingelezi pang'ono. Pambali pake panali mkulu wina wa imvi mbuu, dzina lake a Mori. Titavula nsapato, a Mori anagwada n'kuzitembenuza kuti ziloze kunja. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa munthu wa msinkhu wa bambo anga sagwira nsapato zanga, komanso sokosi yanga yakumanzere inali yobooka.

Chipinda changa ndi Yusufu chinali choyalidwa mikeka yofewa, chitseko chake cha mapepala, pakati pali katebulo kafupi. Bedi munalibe. Tinavala mikanjo imene anatiikira n'kupita kokasamba. Kumeneko lamulo lake ndi lakuti uyambe wadzikhula bwinobwino utakhala pa kampando, kenako ulowe m'dziwe uli mbulanda, pamodzi ndi anthu osawadziwa.

"Wallahi, ine ayi," anatero Yusufu atasuzumira. "Chipembedzo sichilola, ndipo ngakhale chikanalola."

Eni nyumba anamupatsa kadziwe kayekha kotseka. Ine ndinalimba mtima n'kulowa. Poyamba madziwo anandiwotcha mpaka ndinaitana mayi anga, koma posakhalitsa msana umene wakhala ukundiwawa zaka zonsezi unangoti zii. Panalibe amene anandiyang'ana. Madoda onse anali chete, timatawulo tili pamutu.

Nditabwerera m'chipinda dzuwa lisanalowe, manja anayamba kundiyabwa. Munthu wozolowera zipinda khumi ndi zisanu patsiku sangathe kungokhala. Ndinatsegula kabati n'kupeza matiresi opyapyala ndi zofunda. Ndinati kani kuno mlendo amadziyalira yekha. Ndinayala malo awiri, makona onse atawongoka bwino, ndinapukuta katebulo, kenako ndinatenga tawulo n'kulipinda kukhala tsekwe wa khosi lokhota, monga timachitira ku Doha, n'kumuika pa pilo ya Yusufu.

Tili pa chakudya chamadzulo, timbale tosawerengeka tili patsogolo pathu, nsomba yosaphika itandisowetsa mtendere, chitseko chinatseguka. A Mori anagwada n'kuwerama mpaka chipumi kugunda mkeka. Mayi mwini nyumba uja anatimasulira kuti akupepesa. Kumeneko alendo akamadya m'pamene a Mori amalowa m'zipinda kukayala. Atapeza kwathu koyalidwa kale, anaganiza kuti achedwa ndipo mlendo wakwiya.

Bwana wathu anandiyang'ana ndi diso limodzi lokha, ndipo ndinalakalaka nthaka itandimeza. Yusufu ankangodzitsina kuti asaseke.

"Auzeni kuti wolakwa ndine," ndinatero. "Ntchito yanga ndi yomweyi. Ndimayala mabedi."

Aka kanali koyamba kunena mawu amenewa mokweza, pamaso pa anthu. Mayi uja atamasulira, a Mori anadzutsa mutu, nkhope yonse ikuwala, n'kutulutsa tsekwe uja m'manja mwa mkanjo wawo. Anafunsa ngati ndingawaphunzitse.

M'mawa mwake, ena atapita kukagula mazira owiritsidwa m'kasupe, ine ndi a Mori tinatsala m'chipinda. Iwo anandionetsa mmene amayalira: mutu wa mlendo suloza kumpoto, chifukwa kumeneko amalozetsa maliro, ndipo chofunda amachisalaza ndi chikhatho kawiri kokha. Ine ndinawaonetsa kupinda khosi la tsekwe. Woyamba wawo anatuluka ngati nkhuku yodwala chitopa, ndipo tinaseka mpaka misozi, popanda womva chinenero cha mnzake.

Mayi mwini nyumba uja anabweretsa tiyi n'kukhala nafe. M'pamene ndinadziwa kuti a Mori ndi bambo ake omubereka.

"Ayala m'nyumba muno kuyambira ndisanabadwe," anatero. "Sukulu yanga yonse inachokera m'matiresi amenewa. Mlendo akandiuza kuti wagona bwino, ndimamuuza kuti anayala ndi bambo anga."

A Mori analankhula kenakake akusisita tsekwe wawo.

"Akufunsa ngati muli ndi mwana."

"Mmodzi, wamkazi."

"Akuti ndiye kuti kunyumba kwanu kwadzaza atsekwe."

Ndinatukula kapu ya tiyi n'kumwa. Tadala anali asanaonepo ngakhale mmodzi.

Tsiku lonyamuka, nsapato zathu tinazipeza zitapukutidwa. A Mori ndi mwana wawo anaima pakhomo akuwerama mpaka galimoto yathu inakhota, ndipo pa shelefu ya pakhomopo ndinaonapo tsekwe wa tawulo, khosi lake litawongokako ndithu.

Tinatera ku Doha Loweruka, ndipo Lamulungu m'mawa ndinali kale mu yunifolomu. Yusufu anandipeza m'khonde la zipinda, tayi ili m'manja.

"Yalla, tiyeni achimwene, ku reception kulibe ma-guest. Five minutes yokha."

"Tayiyo sunga. Ndijambule pompano."

Ndinaima pambali pa ngolo yanga ya matawulo ndi sopo, chitseko cha chipinda chili chotsegula kuti bedi lionekere, tsekwe ali m'manja. Pansi pa chithunzicho ndinalemba kuti: "Mwana wanga, ofesi ndilibe. Ndinakunamiza, undikhululukire. Ntchito yanga ndi iyi, ndipo ndimaidziwa bwino."

Zipinda zinayi ndinaziyala foni ili chete m'thumba. Ndili m'chipinda chachisanu inalira.

"Adadi, amayi anandiuza kalekale. Ndimangodikira kuti munene nokha. Koma mbalameyo mwapanga ndinu? Mujambule pang'onopang'ono mmene mumapindira, ndikufuna ndikawaonetse anzanga mawa."

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa bedi limene ndinali nditangoyala kumene, chinthu chimene sitiloledwa kuchita, ndipo ndinalira. Kenako ndinaliyalanso, n'kutenga tawulo loyera.