Mahatchi a M'foni ndi Chitunda cha Kwathu

Linali Lachinayi, 10 koloko m'mawa, pamene ndinatsutsa azibambo pagulu koyamba m'moyo wanga. Kunali pa galaja ina ku Limbe, kuseri kwa msika. Ndinangopita kukasiyira amuna anga makiyi a nyumba, mwana ali kumsana.

Kagalimoto kathu ndi kakale, koma ndi kamene kamatidyetsa. Amuna anga amanyamulira anthu katundu kuchokera m'mashopu a ku Limbe. Mwezi umenewo alamu anga, mng'ono wawo, anali atawasokoneza mutu ndi pulogalamu ya pafoni. Umalembamo mtundu wa injini ndi zimene wasintha, iyo n'kukuuza kuti mphamvu zake zikufanana ndi mahatchi angati. Anali atasintha kale paipi ya utsi ndi sefa ya mpweya, foni n'kunena kuti mahatchi achoka pa 90 afika pa 115. Tsiku limenelo ankafuna kumasula injini kuti akapale chitsulo cha mutu wake, ati mahatchi afike pa 140. Amakanika, bambo achikulire ovala kofia, anachenjeza kuti chitsulo ukachipala sichibwereranso, ndipo injini yokalamba ikhoza kuyamba kutentha. Palibe ankawamvera.

"Alamu, bwerani muone," anatero alamu anga akundiloza ndi foni. "Posachedwa muzikafika kwanu ku Mpingwe tiyi asanazizire."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo pagulu mawu amandithawa. Koma Loweruka lililonse galimotoyo imakwera chitunda cha kwathu itasenza matumba anayi a mbatata zimene ndimagulitsa, ine nditakhala kumbuyo. Kulira kwake ndimakudziwa ngati kulira kwa mwana wanga.

"Kodi foniyo inayamba yakwerapo chitunda chathu?" ndinafunsa ndikuyang'ana pansi.

"Mayi a mwana, izi ndi za masamu," anatero amuna anga.

Koma ndinapitiriza. "Musanasinthe paipi, munkaika giya wani pa geti yobiriwira ija ya pachitunda. Loweruka lapitali munaikanso pa geti yomweyo. Chawonjezeka ndi phokoso basi, mwana sagonanso m'galimoto. Nanga mahatchi enawo anatsikira pati?"

"Anatsikira pa depoti!" anatero amakanika, akuseka mpaka kofia kugwa. "Foniyo ikuwerengera injini yongotuluka kumene m'fakitale. Yanuyi yadya fumbi zaka zingati? Ngati mwapindula, ndi mahatchi atatu, owonda."

Alamu anga anakana kwamtuwagalu. Anati vuto ndi phazi la akulu awo. Anabwereka matumba anayi a simenti pa shopu yoyandikana, n'kugwira okha chiwongolero. Tinanyamuka tonse. Chitunda chitayamba anaponda mafuta mpaka agalu a m'mipanda kuuwa. Geti yobiriwira tinaidutsa ndithu, ndipo anandiyang'ana pagalasi akumwetulira. Koma tisanafike pa mpopi wa madzi, mtunda woti mwana angaponye mwala kuchokera pa getipo, galimoto inayamba kubuula. Dzanja lawo linapita lokha pa giya wani.

Titabwerera pa galaja amuna anga anauza amakanika kuti, "Injiniyo musaimasule. Ingosinthani mapulagi ndi oilo." Kenako anatembenukira kwa ine, pamaso pa onse. "Mwamva bwanji, mayi a mwana? Pali china?"

Ndinangopukusa mutu, manyazi atabwerera. Koma china chinalipo.

M'mawa mwake ndinatenga paipi yakale ija kuseri kwa nyumba, kumene anaitaya. Ndinaipukuta ndi kansanza, ndinaiika m'buti kuti akaibwezeretse pa galimoto, kenako ndinatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pansi ndi mwana, kudikira amuna anga.