Abambo a Mpheta

Ine Elson wa ku Ntcheu ndakhala ku Joni zaka khumi ndi zitatu, ndipo udindo waukulu umene ndafikapo ndi wokolopa zitosi za mpheta. Ndimagwira ntchito kuseri kwa yunivesite ina muno mu Pretoria, m'chinyumba cha mawaya momwe muli timbalame toimba mazana awiri. Kumudzi amangodziwa kuti ndili ku yunivesite. Sindinawawongolepo.

Bwana wanga ndi Upile, mtsikana wa ku Mangochi wophunzira za mbalame. Kafukufuku wake anali wotere: mazira akangoswa, m'zisa zina ankachotsamo bambo n'kukamutsekera m'khola lapayekha, mayi n'kumalera yekha. Anawo akakula ankawayeza magazi kuti aone ngati amachita mantha msanga kuposa anzawo oleredwa ndi makolo onse awiri.

Zimenezi zinandibaya pamtima. Mwana wanga Taziona ndinamusiya ali ndi miyezi isanu, ndikuti ndikubwera pa Khirisimasi. Pano ali Fomu 1. Ndikaimba foni amangoti "ee" ndi "ayi" ngati akuyankha wapolisi, ndipo amayi ake amati chitseko chikangomenyetseka amadzidzimuka. Tsiku lililonse ndimadzifunsa ngati ndinachedwa kale kukhala bambo wake.

Ndiye ndinatulutsa nzeru zanga za ku yunivesite. M'mawa uliwonse Upile asanafike, ndinkatenga abambo aja n'kuwalowetsa m'zisa kuti akadyetse ana awo, ikamakwana eyiti n'kuwabwezera kundende. Kwathu sitikaniza mwana kuona bambo wake bamboyo ali moyo. Ndinkadziona ngati munthu wachifundo kuposa onse mu Pretoria, ine ndemwe amene sindinapondeko kwathu chichokereni. Ndinachita zimenezi masabata asanu ndi limodzi.

Zotsatira za magazi zitabwera, anapiye onse anali chimodzimodzi. Upile anagwira mutu. Lachiwiri lina analawirira, n'kundipeza ndili ndi kampheta kakamuna m'manja, chitseko cha khola chili pululu.

"Eish, Bambo Elson, what is this? Mukutani?"

"Achemwali, amangokaona ana. Pang'ono pokha."

Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangokhala pansi pa thumba la mapira. Ndinapepesa mpaka mawu kutha, kenako pakamwa panga, posadziwa nthawi yake, panafunsa chimene chinkandidya.

"Komatu achemwali, mwana woti bambo ake anachoka iye ali wakhanda, bamboyo akabwerera mochedwa, mantha aja amatha?"



"Ndi zimene ndimati ndiyeze next month, bambo. Ndikanawabweza abambowo ana atakula, tione ngati zimathandiza. Pano muno mulibenso mwana amene anasiyidwa." Anaimirira n'kudzisasa mapira. "Yankho lanu ndilibe."