Azakhali Anga Atatchuka pa Intaneti

Msuweni wanga atasowa ntchito ku Milange, anagula foni yong'aluka galasi pamsika n'kulengeza kuti tsopano ndi wopanga mavidiyo. M'mawa uliwonse ankapita kumalire, n'kuima pakati pa akabaza ndi onyamula matumba a chimanga, akulankhula ndi foniyo ngati mlaliki. Ankayamba m'Chipwitikizi, chikamuthera n'kulowa Chinyanja.

Tonse tinkamuseka. Kutchalitchi amayi ena anapempha kuti timupempherere, poti munthu wabwinobwino sangamaseke yekha pamsewu. Koma womunyoza kwambiri anali mayi ake enieni, azakhali anga, amene kwa iwo ntchito ndi khasu basi.

Tsiku lina anamupeza kumunda akujambula nandolo m'malo mopalira.

"Iwe, anthu ako a m'foniwo adzabwera kudzakulimira?" anamufunsa. "Ndinabereka mwana kapena wailesi?"

Anatola mpini n'kuyamba kumuthamangitsa m'mizere. Foni inali ikujambulabe, ndipo iye anaiponya vidiyoyo pa intaneti tsiku lomwelo.

Sabata isanathe, mawu a azakhali anali paliponse. Makondakitala ankanyozana nawo m'maminibasi, ndipo amalonda a ku Muloza ankafunsa komwe kumakhala mayi a mpini aja. Amayi opempherera aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, mozemba, kudzapempha kuti kwaya yawo ijambulidwe.

Azakhali anaitanitsa abale tonse. Tinakhala pakhonde tikuganiza kuti mnyamatayo athamangitsidwa pakhomo.

"Dziko lonse landiona nditavala chitenje chakumunda," anatero. "Undijambulenso."

Lamlungu anavala kapulana yatsopano, chitenje chotchenera, anabwereka magalasi, n'kukhala pampando pansi pa mtengo wa mango. Analangiza achinyamata mwaulemu, m'Chipwitikizi cha apo ndi apo, kuti asiye mafoni agwire makasu. Vidiyo imeneyo tinaionera ndife abale, ndi munthu mmodzi wachilendo amene analemba kuti mayiwa akudwala kapena, mpini uli kuti? Azakhali anamukwiyira mwana wawo, ati sanawajambule bwino.

Patapita mwezi ndinapita kukawaona. Ndili patali ndinamva kukalipa kuseri kwa nyumba, ndipo ndinafulumira kuti ndikaleretse. Ndinawapeza azakhali atakweza mpini, nkhope itakwinyika, chitenje chakumunda chija chitachapidwa ndi kusitidwa. Msuweni wanga anali atawaloza ndi foni. Mwadzidzidzi azakhali anasiya kukalipa.

"Zatuluka bwino?"

"Amayi, mwaseka pakati. Tiyambirenso."

Atandiona anasangalala kwambiri, osati chifukwa choti anandisowa. Pankafunika munthu wogwira foni kuti mnyamatayo azithawa bwino. Ndinawakumbutsa kuti ine ndine mphunzitsi, ana asukulu angandiseke.

"Iwe suoneka," anatero azakhali. "Otchuka ndife."

Ndinaigwira foniyo. Anandikalipira zenizeni, ati dzanja langa limanjenjemera.