Mayi Sikelo a ku fakitale ya sopo

Pa fakitale ya sopo aliyense ankawatchula kuti Mayi Sikelo. Analowa ntchito akadali mtsikana, akukulunga sopo m'mapepala limodzi ndi mng'ono wawo. Sukulu analekezera panjira, koma masamu anali m'magazi. Asanaweruke ankatola zidutswa zogwera pansi pa makina odulira, n'kuziyeza, n'kulemba m'kope. Palibe anawatuma, zinkangowawawa kuona katundu akusesedwa ngati zinyalala.

Fakitale inali yaing'ono, ndipo mwini wake, mkulu wa mawu ochepa, ankaika mitengo pongoyang'ana kudenga. Tsiku lina analiona kopelo.

"Mwana iwe, ndiye kuti mwezi uno tasesa makatoni makumi awiri?"

"Ndi awiri pamwamba, bwana."

M'mawa mwake anawapatsa tebulo pakona, pafupi ndi migolo ya mafuta. Anakhalapo zaka zambiri, mpaka anadziwa kuti sopo mmodzi amadya mafuta ochuluka bwanji, magetsi angati, mphindi zingati za munthu.

Kenako zinthu zinatembenuka. M'magolosale munadzaza sopo wotchipa wa makampani akuluakulu, mafuta anakwera mtengo, ndipo mkulu uja anasiyira fakitale mwana wake wophunzira, amene anabwera ndi kompyuta. Kompyutayo inati sopo wochapira ndiye akugwetsa kampani, asiye kupangidwa.

"Bwana, makina anuwa sanama, koma mwawauza zolakwika," anatero Mayi Sikelo. "Magetsi mwagawa mofanana. Wochapira timangodula basi. Sopo wonunkhirayu ndiye amaimitsa makina maola atatu kuti titsuke tikamasintha mtundu. Yadya munda ndi mbuzi, inu mukumanga nkhosa."

Bwana wamng'onoyo anakaima yekha pamakina ndi wotchi, nabwerako akuwakhulupirira Mayi Sikelo. Sopo wochapira anapulumuka.

Chikhulupiriro chimenecho n'chomwe chinadzawalemera. Bwanayo anawapempha kuti awerengere ngati makina okulungira sopo angatchipe kusiyana ndi manja a amayi asanu ndi atatu, kuphatikizapo mng'ono wawo. Anawerengera katatu, yankho osasintha: makina ndiwo anali otchipa. Pepalalo linagona m'dirowa masiku awiri.

"Ungosintha nambala imodzi, adziwa ndani?" anatero amuna awo.

"Mawa akandifunsa zina, ndidzawayang'ana ndi maso ati?"

Anapereka pepalalo, ataphatikizapo lina losonyeza kuti amayi anayi angasamukire kosungira katundu. Bwana anatengako atatu amphamvu zonyamula makatoni. Mng'ono wawo, amene msana unkamuvuta, sanali pagulupo.

"Achemwali, mpaka kundiika pasikelo ine?" Mawu ake anali okhawo pageti tsiku lomaliza.

Chaka chathunthu sanapondane pakhomo. Mayi Sikelo ankangomva kwa alamu awo kuti mng'onoyo wagula makina osokera akale ndipo akusoka mayunifolomu. Akamadutsa pamsewu wa kwa mng'onoyo ankachepetsa liwiro, koma osagogoda.

Loweruka lina akuchapa, anangoona mng'ono wawo waima pampanda, pepala lili m'manja.

"Sindinabwere kudzacheza," anatero. "Ndasoka mayunifolomu makumi atatu, koma m'thumba muli mbee. Tandionereni pomwe ndalama zikuthawira."

Mayi Sikelo anapukuta manja pachovala, natulutsa mipando iwiri. Anamufunsa za ulusi, mabatani, zipi, ndi maulendo a basi okagula nsalu. Zinapezeka kuti mng'onoyo sankawerengera thukuta lake lomwe.

"Iwe ukudzigwirira ulere, bwana wankhanza kuposa wathu uja."

Mng'onoyo anayesa kudzigwira, koma chiseko chinamupulumuka. Anakhala mpaka zovala zinauma pachingwe, nathandiza kuzipinda asanapite.