Pinki wa Kuseri kwa Kabati

Mvula ya chaka chimenecho inang'amba khoma la kuchipinda kwa apongozi anga aamuna ku Nchenachena. Mmisiri atamata simenti, panatsala chigamba chotuwa pakati pa khoma la pinki. Apongoziwo, mphunzitsi wopuma ntchito yemwe sankakonda kupempha kanthu, anandiitana ine mkazi wa mwana wawo. Ndinagwada pakhomo.

"Mkamwana, inu mumagwira ntchito ku boma. Mundipezereko penti wofanana ndi uyu. Anapaka ndi amama anu."

Apongozi aakaziwo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo.

Ine, mwana wa ku Dedza wodziyesa wodziwa zinthu, ndinkati imeneyi si ntchito. Kusitolo anandionetsa kapepala ka mitundu, mutu unandizungulira. Kani pinki ali ndi abale ake: wina ngati m'kati mwa gwafa, wina ngati sopo wosambira, wina wotuwirako. Ndinagula tizitini titatu n'kukwera nato matola.

Ndinapaka timizere titatu pambali pa chigambacho, tinadikira kuti tiume. Iwo anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa ngati akuchonga mayeso.

"Uyu wanyanya chomene. Uyu ndi wa kuchipatala. Uyu wayandikira, koma si iyeyo."

Ndisaname, mtima unandipsa. Msewu wonse uja, fumbi lija, n'kulephera mayeso? Mlamu wanga wamkazi anandikokera kukhitchini akuseka. Anati amama sanagulepo pinki chibadwire. Ankasungunula laimu m'ndowa, n'kumathiramo ufa wofiira wopaka pansi uja, muyeso wake uli m'maso mwawo. Muyesowo anapita nawo kumanda.

Tinagwirizana zopaka chipinda chonse ndi penti wachitatu uja, ndipo apongozi anavomera ndi mutu wokha. Titasuntha kabati, tinapeza khoma lomwe dzuwa ndi utsi wa nyali sizinalikhudze. Pinki wake anali wowala ngati wadzulo. Mizere ya burashi inkaoneka bwinobwino, yopendekera kumanzere, chifukwa mayiwo anali amanzere, ndipo inkathera pomwe mkono wa munthu wamfupi umafika.

Apongozi anaika chikhatho pamenepo, osachotsa. Ndinachita manyazi ndi mkwiyo wanga uja, ndipo ndinawamvera chisoni.

"Yewo, mkamwana, mwavutika," anatero. "Koma pentiyo mukapake kwanu."

Kabati tinaikankhira pachigamba cha simenti. Bedi analitembenuza okha, liziyang'ana khoma lija.