Katundu wa Anthu mu Kalavani Yathu

Kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto, tinaigula chifukwa ndinali nditatopa, palibenso chifukwa china. Zaka zonse zimene takhala kunja kuno, ku Lawrence m'mbali mwa mzinda wa Indianapolis, ndakhala ndikugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kutembenuza anthu pabedi, kuwasambitsa, kuwadyetsa, mpaka msana wanga unayamba kudandaula wokha. Ndikati ndapeza tsiku lopuma, foni sinkandipatsa mpata: uku maliro, uku msonkhano wa amayi, uku wina akufuna womuperekeza kuchipatala. Ndinkangofuna masiku awiri okha opanda munthu wonditchula dzina. Ndiye amuna anga, amene amakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi chipangizo chake, anati, "Tigule kalavani, tizikabisala kunkhalango kopanda netiweki."

Tinaipeza yakale koma yosamalika, kwa mkulu wina wachizungu yemwe maondo anali atamukana. Mkuluyo anatiphunzitsa masana onse. Anatisonyeza mmene mphuno ya kalavani imakhalira pa kampira kachitsulo kumbuyo kwa galimoto, ndi mmene umakhomera kuti isaguluke. Matcheni awiri a pamphunopo, akuti, uziwapingasa pansi pake kuti ikaguluka igwere pamenepo, osati pamsewu. Anatiuza kuti tiikitse kabokosi ka mabuleki a kalavani pafupi ndi chiwongolero. Pomaliza anagogoda kapepala kolembedwa kulemera kwake nati tisadzapitirize pamenepo, ndipo cholemera chilichonse chizikhala pamwamba pa matayala kapena patsogolo pake, kumbuyo ayi. Ife tinagwedeza mitu ngati ana a sukulu ofuna kuweruka.

Amuna anga anagula zonse, akusangalala ngati akukwatiranso. Magalasi otalika oonera kumbuyo, timatabwa tophinjira matayala, tina tokwezera mbali imodzi pansi pakapendekeka, choyezera mpweya wa matayala, ndi mapaipi awiri, loyera la madzi akumwa ndi lakuda lotayira zakuchimbudzi. Mapaipi amenewa musadzawasunge pamodzi, ndipo lakudalo musaligwire opanda magulovesi. Zimenezo ine sanachite kundiuza, ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Kubweza kalavani m'mbuyo tinakaphunzirira pabwalo la tchalitchi pakati pa sabata, ine ndikukuwa kuti "Kuno! Kuno!" uku ndaima pamene iwo sakundiona. Tinabwerera kunyumba osalankhulana.

Kenako ndinapempha tchuthi, anandipatsa movutikira, tinabukitsa malo kunkhalango ina kufupi ndi South Bend, kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Cholakwa chinali chimodzi: amuna anga anakazitchula kutchalitchi.

Anthu akwathu kuno tili pawiri, ena ku Indianapolis, ena ku South Bend, ndipo galimoto sichoka uku kupita uko yopanda phukusi la wina. Ndi mmene tinakulira. Munthu akati "munditengereko aka," sufunsa kuti n'kolemera bwanji. Tsono atamva kuti tikukoka nyumba yathunthu, anthu anaona lole. Pofika Lachinayi pakhomo panga panali matumba a ufa ogulidwa kumashopu a pamsewu wa Lafayette, mpunga, makatoni a mbale za ukwati wa mwana wa wina, makina osokera, ngakhale kafiriji. Aliyense ankati, "Sisi, n'kakang'ono, mungokadiropa panjira." Sindinakane aliyense. Ndinkamwetulira, m'mtima ndikutukwana.

Katunduyo ndinalongedza ndine, ndiye mlandu ndi wanga. Bedi la kalavani yathu lili kutsogolo, ndipo ndinali nditaliyala nsalu zatsopano. Sindinafune thumba la ufa pabedi langa. Zonse ndinazikankhira kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi kabafa, n'kutseka chitseko.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa pamsewu wa 31. Titapitirira tawuni ya Kokomo lole ina inatidutsa, ndipo ndinamva galimoto ikukokedwa mchira. Ndinayang'ana pagalasi: kalavani inapita kumanzere, kubwerera kumanja, kupitanso kumanzere, ulendo uliwonse mokulirapo. Amuna anga anangoti "Yesu," phazi likupita pa mabuleki. Mawu a mkulu uja anandibwerera. Ndinakuwa kuti, "Musaponde! Ingochotsani phazi, gwirani chiwongolero!" Ndinatambasula dzanja n'kufinya kabokosi ka mabuleki a kalavani kaja. Inatikoka kumbuyo, inawongoka, tinatsika liwiro pang'onopang'ono mpaka kuima pambali. Ndinaopa kwambiri.

Pamalo omwetsera mafuta tinatulutsa zonse pansi, azungu akutiyang'ana ngati tatsegula msika. Tinalongedzanso, zolemera patsogolo, ndipo ufa uja unakakhala pabedi langa lomwelo. Panali sikelo ya malole, tinayeza, tinapeza kuti tapitirira. Katundu wa eni sungamusiye pamsewu, choncho tinatsegula thanki n'kutaya madzi athu akumwa, ndipo njira yotsalayo tinayenda ngati tikuperekeza maliro.

Ku South Bend tinali ndi makomo asanu. Amene sanakokepo kalavani m'timisewu ta pakati pa nyumba asandiuze za kuleza mtima. Pakhomo lililonse amuna anga ankabweza m'mbuyo thukuta lili kamukamu, ine ndikuyang'anira mabokosi a makalata a eni. Pakhomo lililonsenso panali tiyi, ndipo tiyi sakanidwa. Lachisanu langa linkatha ndikuliona.

Khomo lomaliza linali la mayi wina wachikulire amene anatilandira titangofika m'dziko lino. Tinagona pabalaza pawo miyezi ingapo, jekete yanga yoyamba ya chisanu anandipatsa ndi iwo. Titatsitsa ufa wawo, analowa kuchipinda n'kutuluka akukoka zikwama ziwiri zikuluzikulu.

"Izi pobwerera mukamusiyire mlongo wanu ku Beech Grove, kufupi ndi kwanu konko. Mwachita bwino kubwera ndi chinyumba chanuchi."

Sindikudziwa chimene chinandilowa. M'maganizo ndinaona zikwamazo zili pabedi panga masiku onse awiri, ndinaonanso kalavani ikuvina pagalasi paja. Ndinati, "Mayi, pepani, sitinyamula. Lero tikanafa pamsewu chifukwa cha katundu. Ine ndatopa, mayi."

Amuna anga anayang'ana pansi. Mayiwo anakokera zikwama zawo kukhoma.

"Chabwino, mwananga. Kapumeni. Tidzatumiza ndi anthu."

Kunkhalango tinafika dzuwa likulowa. Tinaphinja matayala tisanamasule kalavani pagalimoto, monga anatiuzira, tinakweza mbali yotsika, tinalumikiza madzi ndi magetsi. Ndinakutumula ufa pansalu zanga n'kugona.

Loweruka linacha bwino. Zonse zimene ndinkafuna zinalipo: mpando panja, mitengo, tiyi wophika ndekha, foni ili zii. Amuna anga anapita kukayenda kuti andisiye ndipume. Koma ndinakhala pampandopo ndi mawu aja. Tidzatumiza ndi anthu. Ndiye kuti ine ndasanduka chiyani? Ndinayesa kudziuza kuti sindinalakwe, ndipo mpaka lero ndikudziwa kuti sindinalakwe. Kalavani ili ndi malire ake, inenso ndili ndi anga. Koma pobwerera ikanakhala yopepuka, zikwama ziwiri zikanakwana pansi pamwamba pa matayala popanda vuto. Ndinakana kulemera kapena ndinakana mayi aja? Ndinatsegula buku, sindinawerenge. Ndinatseka maso, ndinangoona jekete ija.

Amuna anga atabwerako masana anandipeza ndikupinda mpando.

"Mukutani? Tili ndi mpaka mawa."

"Masulani mapaipi. Tiyeni tikatenge zikwama zija."

Sananditsutse. Anavala magulovesi n'kukataya zakuchimbudzi, ine ndinachotsa timatabwa, tinapingasa matcheni, tinayesa magetsi akumbuyo. Zonse tinazichita bwino kwambiri, ngati anthu ozolowera. Tinalowanso m'kamsewu kaja, amuna anga anaimika bwinobwino ulendo umodzi wokha.

Ndinagogoda. Mayiwo anatsegula, anaima pakhomo pomwepo. Ndinawapatsa moni nditapinda maondo, ndinati tabwera kudzatenga katundu wa ku Beech Grove uja.

"Aa, mwavutikiranji? Anatenga kale ena kum'mawaku. Yendani bwino, ana anga."

Sanati tilowe. Chitseko chinatsekeka pang'onopang'ono, mwaulemu.

M'galimoto amuna anga anafunsa ngati tibwerere kunkhalango, poti malo athu anali akadali athu. Ndinati ayi, tiyeni kunyumba. Kalavani inatitsatira mwakachetechete njira yonse, yopepuka, osagwedezeka ngakhale malole akamatidutsa. Ine ndinatembenukira kuwindo kuti iwo aziyang'ana msewu, asaone kuti ndikulira.