Mayi Nyamulani ndi Machila a Kuphiri

Amene sanafikeko kumudzi kwa mayi amene tinawaika m'manda mwezi wathawu asamanene kuti amakudziwa kutali. Msewu umathera pa mlatho wa mitengo, kumunsi. Kuchoka pamenepo ndi mwendo basi: chitunda, dambo, chitunda china, mtsinje wowoloka ndi miyendo, kenako kanjira kokhotakhota kamene ngakhale mbuzi zimayamba zaima kaye. Munthu wabwinobwino amayenda maola asanu kuti akafike kuchipatala. Wodwala amatsika phiri atanyamulidwa pa machila, ndipo machila amafuna amuna asanu ndi atatu, anayi onyamula, anayi olandira. Amuna asanu ndi atatu kusiya makasu masiku awiri, mvula ili pakati, si nkhani yamasewera.

Mayiwa anabadwira komweko. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, amayi awo anadwala kwambiri, ndipo iwo anatsatira machila pambuyo atasenza kamtolo ka zovala. Sanafike. Amuna anatula machila pansi pa mtengo, patsidya pa mtsinje, ndipo wodwalayo anatsirizikira pomwepo akuitana ana ake aang'ono amene anatsala kunyumba. Panalibe ngakhale woyambitsa pemphero. Mpaka ukalamba mayiwa ankati, "Imfa sindikangana nayo. Koma kufera panjira ngati katundu, ukuitana ana ako, zimenezo ayi."

Atakula anakagwira ntchito zaka zitatu kuchipatala chija, kuchapa nsalu ndi kukolopa. Kuwerenga ankadziwa pang'ono chabe, kokwanira buku la mapemphero, koma maso anali nawo. Ankaonetsetsa zimene anamwino ankayang'ana: zikope, zikhadabo, mapazi, kapumidwe ka munthu. Anabwerera kumudzi n'kukwatiwa ndi bambo wina wofatsa, amene Mulungu anamutenga msanga. Ana sanakhale nawo. Moyo wawo wonse unatsamira pa katchalitchi kadothi kamene wansembe ankafikako katatu pachaka. Ankasesamo, ankamata ming'alu, ankatsogolera mapemphero a odwala, ndipo machila a mudzi wonse ankasungidwa m'menemo, pamwamba pa mitanda ya denga.

Tsono amuna a m'mudzimo anatopa. Nthawi zina ankathamanga ndi munthu amene akanachira ndi madzi otentha okha, nthawi zina ankabwerera ndi mtembo, mapewa atasupuka. Anapangana kuti machila asamatsitsidwe mpaka mayiwa atamuona kaye wodwalayo. Iwo anakana kawiri, kachitatu analola. Ankalowa m'nyumba, n'kugwada, n'kupemphera, kenako n'kumuyang'ana munthuyo osafulumira. Potuluka ankanena chimodzi mwa ziwiri. Akaona kuti chipatala chithandiza ankati, "Nyamulani." Akaona kuti nthawi yatha ankati, "Itanani ana ake," n'kubwerera m'nyumbamo kukakhala naye mpaka mapeto, kumunyowetsa milomo ndi kumuwerengera masalimo. Dzina loti a Nyamulani linachokera pa mawu oyamba aja. Koma amene anthu ankawasunga mumtima anali achiwiriwo.

Anthufe ndife otero. Wonyamulidwa akachira, ankathokoza adokotala. Wotsala akamwalira, ankawerengera a Nyamulani. Zinayamba ndi manong'onong'o pachitsime. "Koma amadziwa bwanji? Munthu wochapa nsalu?" Wina n'kuwonjezera, "Mwamuna wake yemwe sanachedwe." Iwo ankafika ndi ndowa yawo n'kupeza kuseka kwaduka pakati. M'tchalitchi benchi linali lomwelo, anthu omwewo, koma malo a pambali pawo ankangokulirakulira. Zinkawawawa, tisabise, ndipo ankalira akamasesa okha.

Chinafika poipa ndi nkhani ya mlamu wawo, kalipentala wa m'mudzimo, mng'ono wa malemu amuna awo. Mkazi wake anadwala zaka ziwiri, mimba kutupa, maso kuchita chikasu, thupi kutha. Tsiku limene analephera kudzuka, a Nyamulani analowa, nakhalitsa kuposa masiku onse. Anatuluka maso ali pansi.

"Itanani ana ake, alamu."

"Alamu, chonde," anatero kalipentala, atawagwira nsalu, "tanenani mawu enawo. Mawu amodzi okha. Anyamata ali apa, akudikira inu."

"Safika pamtsinje, alamu. Musiyeni aone ana ake."

Amuna aja anamwazikana mmodzimmodzi, chifukwa pangano linali pangano. Mayiyo anamwalira tsiku lachitatu, ana ake atamuzungulira. Pamaliro, anthu ali duu, kalipentala anaimirira n'kunena mokweza kuti, "Bokosili ndakhoma ndine, koma wolowetsamo munthu ndi wina." Sanatchule dzina, ndipo panalibe amene anafunsa.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kubisa odwala awo. A Nyamulani akagogoda, ankayankhidwa pachitseko chotsegula theka kuti, "Apita kumunda," chonsecho khasu la munthuyo lili pakhonde, chifuwa chikumveka kuchipinda. Iwonso anasanduka munthu wokayikira chilichonse. Akaona zofunda zayanikidwa pakati pa sabata, ankafunsa mumtima kuti wadwala ndani. Akapatsidwa moni wokoma kwambiri, ankadziwa kuti m'nyumbamo muli kanthu. Ndipo choopsa kuposa zonse, anayamba kudzikayikira okha. Ankagwada patsogolo pa mtanda n'kumawerenga mayina a onse amene anawauza kuti atsale, mmodzimmodzi, n'kumafunsa, "Ambuye, kodi uyu ndinaona bwino?"

Wansembe atabwera anamuuza zonse. Iye anawalangiza kuti ngati katunduyo walemera, atule. Iwo anayankha kuti, "Bambo, ndikatula, maso anga ndikawasiya kuti? Ndiziona munthu akupita ine n'kukhala chete kuti andikonde?" Anapitiriza kupita kumene aitanidwa, ngakhale oitanawo anali ochepa, ndiponso ankaitana mobisa. Zinakhala choncho zaka khumi ndi zisanu, kalipentala osawapatsa moni ngakhale pakhomo la tchalitchi.

Lamulungu lina, mvula yoyamba itangogwa, anthu onse mtima uli kodzala, mwana wamkazi wa kalipentala analowa m'tchalitchi. Anali woyembekezera, mimba yoyamba. A Nyamulani anaona kuti wabwera wopanda nsapato, mapazi atatupa mpaka akakolo osaoneka. Nkhope nayo inali yotupa. Pogwada anaphonya benchi ndi dzanja, ndipo nthawi yonse ya mapemphero ankatsinzina ndi kudzigwira pachipumi. Zimenezi a Nyamulani anaziona kale kuchipatala, ndipo anaona mmene zimathera.

Mapemphero atatha anamutsatira mtsikanayo mpaka pa shedi ya kalipentala. Anapeza kalipentalayo atakhala pa thabwa, akunola randa, zopalapala za matabwa zili mbwee pansi. Mwana wake anali atatsamira khoma, ndipo mkamwini wa kalipentala, mwamuna wa mtsikanayo, anali chapomwepo.

"Alamu, nyamulani mwanayu. Lero, osati mawa."

Kalipentala anaika randa pansi pang'onopang'ono. "Mwati bwanji? Mayi ake ali gone, ine ndikulira, munakana. Uyu ali chilili, akuyenda yekha, akudya, ndiye mukuti nyamulani? Mwamuonera chiyani mwana wanga?"

"Ndaona mapazi ndi nkhope. Ndaonanso mmene akutsinzinira."

"Mapazi! Ndi mayi uti woyembekezera amene satupa mapazi?"

Anthu anali atayamba kusonkhana. Wina kumbuyo ananong'ona, koma mokuti amveke, kuti, "Akufuna akathere kumtsinje, kumene kunathera mayi awo. Kuli zawo kumeneko." Wina anati, "Ife mawa tikudzala. Munthu wabwinobwino tinyamulirenji?"

A Nyamulani anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, koma anabwerera kutchalitchi, nakwera pabenchi, natsitsa okha machila aja. Anawakoka m'matope mpaka pa shedi, nawaika pamapazi pa mlamu wawo, iwo n'kugwada pambali pake.

"Ndimveni nonse. Mwanayu akafera panjira, mundithamangitse m'mudzi muno, nyumba yanga mugwetse, sindidzadandaula kwa munthu. Koma akagona muno masiku awiri, mudzakhoma bokosi lina, alamu, ndipo ine sindifuna."

Kenako mtsikana uja analankhula motsitsa mawu. "Ababa, kuyambira dzana ndikuona timoto m'maso. Mutu ukung'amba. Ndimaopa kunena."

Mwamuna wake sanadikirenso apongozi ake. Anagwira mtengo wa kutsogolo n'kufuula kuti, "Amene akundithandiza abwere!" Anabwera anayi okha. Wachisanu ndi chimodzi anali kalipentala mwini, amene anagwira kumbuyo nkhope ili gwa, osayang'ana mlamu wake. A Nyamulani anatsatira ndi ndodo, korona ali m'manja, kuterereka, kudzuka, kutererekanso. Panjira ponse ankamva maso a kalipentala akuwatembenukira, kuona ngati milomo yawo ikupemphera kapena ikunena zina. Anawoloka mtsinje madzi ali m'chiuno. Atatsala pang'ono kufika pa mlatho, mtsikanayo anayamba kugwedezeka thupi lonse, maso atatembenuka, ndipo amuna aja anathamanga mtunda wotsalawo mpaka kuchipatala. Madokotala anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Anapulumuka, ndi mwana yemwe.

Mukuganiza kuti mudzi unawaombera m'manja? Ayi ndithu! Pachitsime nkhani inali yoti, "Mwaonatu? Munthu akuyenda yekha, iwo anaziona kale. Maso amenewo ndi a munthu wamba?" Ena anayambadi kuwaitana poyera, makamaka amayi oyembekezera, koma ena anawonjeza kuopa. Kalipentala anayamba kuwapatsa moni, moni wouma, basi. Iwo ankangoti, "Mwana ali moyo, zinazo n'zanga ndi Mulungu."

Ulendo umenewo unawathera mawondo ndi chifuwa. Anakhalabe zaka zinayi, akukwawira kutchalitchi ndi tsache lawo, mpaka mwezi wathawu pamene anagona osadzukanso. Mtsikana anapulumuka uja ndi amene ankawasamalira. Masana ena, dzuwa likuwomba pakhonde, kalipentala anafika, nayenso atakalamba, tsitsi lili mbuu. Anaima pakhomo nthawi yaitali asanalowe. Anakhala pa kampando, chipewa chili pabondo.

"Alamu," anatero, "ndabwera ndi funso limodzi. Ndalisunga zaka pafupifupi makumi awiri. Mundiuze zoona, poti mukupita kwa Mulungu. Mkazi wanga uja, tikanamunyamula, akanachira?"

A Nyamulani akanatha kunena kuti ayi, nkhani n'kuthera pomwepo, dzina lawo n'kuyera. Anamuyang'ana mlamu wawo, misozi ikutsikira m'makutu.

"Sindikudziwa, alamu. Tsiku limenelo ndinaona kuti safika, ndipo ndinanena zimene ndinaona. Koma ine si Mulungu, mwina ndinalakwa. Palibe tsiku limene sindinamutchule mkazi wanu popemphera, ndipo yankho sindinapatsidwe. Ngati ndinalakwa, ndikhululukireni."

Kalipentala anabwera atakonzeka kumva munthu akudziteteza, kapena akuulula zoopsa zimene mudzi unkanena. Anapeza nkhalamba imene inasenza funso lake lomwelo zaka zonsezo, yokhayokha. Chipewa chinagwa pansi. Anagwada, nagwira dzanja lawo, nalira ngati mwana.

"Ndimayesa mumadziwa," anatero. "Zaka zonsezi ndimayesa mumadziwa."

Anakhala nawo mpaka tsiku lotsatira. M'mawa, mwana wa kalipentala uja atawerenga salimo, a Nyamulani anapuma kawiri mofatsa n'kugona, dzanja lawo lili m'manja mwa mlamu wawo.

Ife a mumpingo tatsala ndi manyazi athu, ndipo ndi bwino tiwavomere. Tinapatsa mayi mmodzi katundu amene amuna asanu ndi atatu ankamuopa, kenako tinamuda chifukwa chomusenza. Sabata yatha m'mudzimo munadwala bambo wina. Amuna anatsitsa machila n'kuima pabwalo, akuyang'anana, aliyense akudikira kuti wina anene. Anali kalipentala amene analowa m'nyumbamo. Anagwada, napemphera, namuyang'ana wodwalayo nthawi yaitali, ndipo potuluka anapeza maso onse ali pa iye, akudikira mawu ake.

Ambuye awalandire mayi athuwa mu mtendere wawo, ndipo ifenso atikhululukire.